"Kopanda Ine simungathe kuchita kanthu": nanga bwanji anthu osapemphera zinthu zikuwayendera?

Wofunsa_Chabe
Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndili ndi funso limene ndimachita nalo manyazi kulifunsa pamaso pa anthu. Pa Yohane 15:5 Ambuye Yesu akunena kuti kopanda Iye sitingathe kuchita kanthu, ndipo mawu amenewa timawamva pa guwa kawirikawiri. Koma ndikayang'ana anthu amene ndimagwira nawo ntchito, ena sapemphera n'komwe, ena amanena poyera kuti kulibe Mulungu, komabe amadzuka ali bwino, amalera ana awo mwachikondi, amakhoza mayeso, ndipo ena mwa iwo ndi achilungamo kuposa ife amene sitijomba ku tchalitchi. Ngati iwowa akuchita zonsezi osadalira Mulungu, ndiye kuti kudalira kumene timalalikira kuli pati? Kodi ndi choonadi chokhudza munthu aliyense, kapena ndi mmene ife okhulupirira timamvera mumtima basi? Ndikupempha mayankho ochokera m'Malemba, osati kungondiuza kuti ndisiye kukayika.

Mlonda_wa_Usiku
Musachite manyazi, mbale. Asafu anafunsa zomwezo mu Salmo 73, mpaka anavomereza kuti mapazi ake anatsala pang'ono kuterereka ataona mtendere wa anthu osaopa Mulungu.

Mphunzitsi_Wopuma
A Wofunsa_Chabe, ndikuona kuti mwaphatikiza zinthu ziwiri zimene Malemba amazilekanitsa. Choyamba ndi kudalira kwa cholengedwa pa Mlengi wake. Paulo atayima pa Areopagi ku Atene, pa Machitidwe 17, sanali kulankhula ndi mpingo. Anali pakati pa anthu anzeru za Aepikureya ndi Asitoiki, amene ena mwa iwo anali kumunyoza. Anthu omwewo ndi amene anawauza kuti Mulungu ndiye apatsa onse moyo ndi mpweya ndi zinthu zonse, ndiponso kuti mwa Iye tikhala ndi moyo, tiyendayenda ndipo tilipo. Sanawauze kuti adzayamba kudalira Mulungu akadzakhulupirira, koma kuti akumudalira kale ngakhale sakumudziwa. Ambuye Yesu ananenanso pa Mateyu 5:45 kuti Atate amakwezera dzuwa lake oipa ndi abwino omwe. Choncho mnzanu wa ku ntchito amene amati kulibe Mulungu amanena mawu amenewo ndi mpweya umene sanadzipangire yekha.

Chachiwiri ndi chimene chili pa Yohane 15. Mawu amenewa ananenedwa usiku wotsiriza Yesu asanapachikidwe, kwa ophunzira ake okha, ndipo nkhani yonse ndi ya mpesa, nthambi ndi zipatso. Ambuye sakunena kuti munthu wosakhulupirira sangamange mlatho kapena kuchiza wodwala. Akunena kuti zipatso zimene Atate amafuna, monga kukhala m'chikondi chake ndi kukondana monga Iye anatikondera, sizingatuluke mu nthambi imene yachoka pa mtengo.

Kamtedza
A Mphunzitsi, yankho lanu ndi lokonzeka bwino, koma likundivuta penapake. Ngati wopemphera ndi wosapemphera onse akudalira Mulungu mofanana pa moyo ndi mpweya, ndipo kusiyana kuli pa zipatso zauzimu zimene sitingazione ndi maso, ndiye kuti mwaika nkhaniyi pamalo pamene palibe angaitsutse kapena kuitsimikizira. Ine ndine Mkhristu, koma sindikonda mayankho amene amathawira kumene munthu sangafikeko.

MayiWaAtatu
A Kamtedza, zipatso zimenezo zimaoneka ndithu, kungoti sizioneka pa chikalata cha malipiro. Ine ntchito yanga ndimaidziwa, ndipo ndinganene zoona kuti ndimatha kuigwira tsiku lonse osakumbukira Mulungu ngakhale kamodzi. Koma mchimwene wanga atandilakwira pa nkhani ya chuma cha makolo athu, ndinapeza chinthu chimene nzeru zanga zonse zinalephera. Ndinkadziwa kuti ndiyenera kukhululuka, ndinkaphunzitsa ana anga Pemphero la Ambuye, koma tikafika pa mawu akuti mutikhululukire monga ifenso tikhululukira, ndinkatsitsa mawu kuti anawo apitirize okha. Usiku ndinkatenga foni, n'kupeza dzina lake, chala chili pamwamba pa batani, kenako n'kuiika pansi. Ndinasiya kulonjeza Mulungu kuti ndiyesetsa, ndipo ndinayamba kumuuza kuti sindikufuna n'komwe kukhululuka, choncho andipatse kufunako. Zinatenga nthawi yaitali, ndipo sindinganene tsiku limene mtima unasintha, koma tsiku limene ndinaimba foni ija ndinadziwa kuti si mphamvu zanga zimene zandifikitsa pamenepo.

Kamtedza
Mayi, umboni wanu ndaulemekeza. Komabe pali anthu osakhulupirira amene amakhululuka zinthu zoopsa kuposa zimenezo. Ndibwereranso pa mfundo imeneyi.

Nkhondo_Yabwino
Ine vuto langa ndi lina. Chiphunzitso chimenechi chasanduka pobisalira anthu aulesi. Munthu safuna ntchito, salemba kalata yofunsira ntchito ngakhale imodzi, ukamufunsa akuti akudikira Mulungu. Baibulo lomwelo limati Mulungu amathandiza amene amadzithandiza yekha.

Mlonda_wa_Usiku
Vesi limenelo mulibe m'Baibulo, achimwene. Ndi mwambi umene Benjamin Franklin, mlembi wa ku America, anautchukitsa m'zaka za m'ma 1700. Aroma 5:6 akunena pafupifupi zosiyana nazo, kuti Khristu anafera osapembedza pamene tinali chikhalire ofooka.

Nkhondo_Yabwino
Chabwino, tichotse mwambiwo. Koma 2 Atesalonika 3:10 ilimo, ndipo imati ngati munthu safuna kugwira ntchito asadyenso. Paulo yemweyo ankasoka mahema ku Korinto pamodzi ndi Akula ndi Priskila kuti asalemetse munthu. Nehemiya atamva kuti adani akukonza zoukira Yerusalemu, anapemphera ndipo anaikanso alonda usana ndi usiku, ndipo omanga ankagwira ntchito ndi dzanja limodzi, lina litagwira chida. Sanakhale pansi n'kunena kuti Mulungu amanga yekha linga.

Namwino_wa_Wodi
Ndikugwirizana ndi a Nkhondo_Yabwino, ndipo ndionjezere kuchokera ku ntchito yanga, chifukwa kusamvetsa kwa nkhani imeneyi kumapha anthu. Tinalandira bambo wina wachikulire amene ankamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi kwa zaka zambiri popanda vuto. Mlaliki wina anamuuza kuti kupitiriza kumwa mapiritsi pambuyo popemphereredwa ndi chizindikiro chakuti sakudalira Mulungu. Anabwera atafa ziwalo mbali imodzi, pakamwa patapotoka, ndipo mkazi wake anatulutsa m'chikwama mapaketi a mankhwala osatsegula n'komwe, atawakulunga bwinobwino m'kansalu pamodzi ndi Baibulo. Mayiwo ankandifunsa monong'ona ngati kumupatsanso mankhwala mwamuna wawo sikukhala kuchimwira Mulungu. Ndinawawerengera Yesaya 38, pamene Mulungu analonjeza Hezekiya zaka 15 zoonjezera, ndipo mneneri yemweyo analamula kuti aike nkhuyu zouma pa chithupsa chake. Lonjezo ndi mankhwala zili m'mutu umodzi. Luka amene analemba Uthenga Wabwino anali dokotala, ndipo Paulo pa Akolose 4:14 amamutchula ndi chikondi, osati momudzudzula.

Koma ndinenenso mbali inayo. Ife amene timagwira ntchito usiku timadziwa malire athu kuposa mmene anthu amaganizira. Timaika diripi, timapereka mankhwala pa nthawi yake, timayeza kugunda kwa mtima, koma bala silitsekedwa ndi ife. Odwala awiri a matenda ofanana amalandira chithandizo chofanana, wina n'kuchira, wina ayi.

Moto_wa_Pentekoste
A Namwino, nanga mfumu Asa? 2 Mbiri 16:12 ikunena momveka kuti atadwala mapazi sanafune Yehova koma asing'anga, ndipo anamwalira. Kodi pamenepo Malemba sakutichenjeza?

Mphunzitsi_Wopuma
Werengani kuyambira mutu 14 mpaka 16, mbale. Poyamba Asa anafuulira kwa Yehova pamene Zera Mkusi anabwera ndi gulu lalikulu la nkhondo, ndipo anapulumutsidwa. Atakula ndi kukhazikika, Basa mfumu ya Israeli atamuopseza, anatenga siliva ndi golide wa m'nyumba ya Yehova n'kutumiza kwa Benihadadi mfumu ya Aramu kuti amuthandize. Mlauli Hanani atamudzudzula kuti wadalira mfumu ya Aramu osadalira Yehova, Asa anakwiya n'kumutsekera m'ndende. Nkhani ya mapazi ndi mapeto a munthu amene anali atasiya kale kufunsira kwa Mulungu pa chilichonse. Cholakwa chake chinali kusafuna Yehova. Hezekiya analandira mankhwala atatembenukira kukhoma ndi kulira pamaso pa Mulungu, ndipo palibe anamudzudzula.

Wofunsa_Chabe
Zikomo nonse. Koma a Kamtedza akhudza pamene pakundiwawa. Mnzanga wosakhulupirira akabweza ndalama zimene wapatsidwa molakwika, pamene Mkhristu wina akanangozisunga, kodi ndinene kuti chilungamo chakecho n'chopanda pake pamaso pa Mulungu?

Mbewu_ya_Mpiru
Ayi, musanene choncho. Yakobo 1:17 akuti mphatso iliyonse yabwino imachokera kumwamba, ndipo sanaike malire akuti ndi mwa okhulupirira okha. Paulo pa Aroma 2:14-15 akunena za anthu a mitundu ina amene alibe chilamulo koma amachita za chilamulo, chikumbumtima chawo chikuchitira umboni. Choncho chilungamo cha mnzanuyo ndi chenicheni, ndipo gwero lake ndi Mulungu yemwe iye akumukana. Ganizirani za Korneliyo pa Machitidwe 10. Mngelo anamuuza kuti mapemphero ake ndi zachifundo zake zakumbukiridwa pamaso pa Mulungu, kutanthauza kuti sizinali zachabe. Komabe mngelo yemweyo anamuuza kuti atumize anthu ku Yopa kukaitana Petro. Munthu wabwino uja anafunikabe kumva za Yesu ndi kulandira Mzimu Woyera. Ubwino wake sunamufikitse pamene anafunika kufika, ngakhale unali ubwino ndithu.

Wa_Mbiri_ya_Mpingo
Zimene mukukambiranazi mpingo unalimbana nazo kwambiri kumayambiriro kwa zaka za m'ma 400, ndipo ndikuona kuti a Nkhondo_Yabwino ali ndi nkhawa yofanana ndi ya Pelagius, ngakhale sindikuwaika m'gulu lake. Pelagius anali mphunzitsi wochokera ku Britain amene ankakhala ku Roma, munthu wa moyo wodziletsa, ndipo zinkamunyansa kuona Akhristu akuchita zoipa n'kumanena kuti ndi kufooka kwa thupi. Atamva pemphero la Augustine, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, lopempha Mulungu kuti apereke chimene akulamula ndipo alamule chimene akufuna, anakwiya kwambiri. Kwa iye, ngati Mulungu walamula chinthu ndiye kuti munthu ali nayo kale mphamvu yochichitira, ndipo chisomo makamaka ndi ufulu wosankha, chilamulo, chikhululukiro cha machimo akale ndi chitsanzo cha Khristu.

Augustine anayankha kuti vuto la munthu si kusadziwa chabwino, koma kuti kufuna kwake komweko kunadwala chiyambire kugwa kwa Adamu, choncho akufunika chisomo chogwira ntchito mkati mwake. Ankabwereza kwambiri funso la pa 1 Akorinto 4:7, lakuti uli nacho chiyani chimene sunalandire. Msonkhano wa mabishopu ku Carthage mu 418 unakana chiphunzitso cha Pelagius, ndipo msonkhano wa ku Efeso mu 431 unavomereza kukanako. Patapita zaka pafupifupi 100, mu 529, msonkhano wa ku Orange, m'dziko limene lero ndi France, unanena kuti ngakhale chiyambi cha chikhulupiriro ndi kufuna kukhulupirira komwe ndi mphatso ya chisomo, koma unakananso mwamphamvu maganizo akuti Mulungu anaikiratu munthu wina kuti achite zoipa. Zimene a MayiWaAtatu afotokoza, zopempha kuti apatsidwe kufuna kumene analibe, ndi pemphero la Augustine lija ndendende, ngakhale mwina sanawerengepo za iye.

Nkhondo_Yabwino
Musandipatse dzina la munthu amene misonkhano inamukana. Ine ndikungofuna kuti wina andiuze pamene udindo wanga ukuyambira, ngati ngakhale kufuna kwanga ndi mphatso.

Thanthwe_1563
Afilipi 2:12-13 akuyankhani, achimwene. Gwirani ntchito ya chipulumutso chanu ndi mantha ndi kunthunthumira, pakuti Mulungu ndiye wakuchita mwa inu kufuna ndi kuchita komwe. Paulo sanagawe ntchitoyi kuti theka ndi lanu, theka la Mulungu. Pa 1 Akorinto 15:10 akunena kuti anagwira ntchito kuposa atumwi ena onse, ndipo m'chiganizo chomwecho akuti si iye ayi koma chisomo cha Mulungu chimene chinali naye. Munthu amene ankadziwa kwambiri kuti zonse walandira ndi yemwenso anayenda maulendo ambiri, kukwapulidwa ndi kusweka naye zombo katatu. Ine ndimakhulupirira, monga unafotokozera msonkhano wa atsogoleri a mipingo ku Dort, m'dziko la Netherlands, mu 1618 ndi 1619, kuti chisomo chimenechi chikafika pa munthu kuti chimutembenuze sichilephera.

Mbewu_ya_Mpiru
Pa chiganizo chanu chotsirizacho tasiyana, a Thanthwe. John Wesley, amene anayambitsa gulu la Methodist, ankaphunzitsa kuti palibe munthu angabwere kwa Mulungu ndi mphamvu zake, ndipo pamenepo tili limodzi. Koma ankaphunzitsanso kuti chisomo chotsogolera chimafika kwa anthu onse, ndipo munthu angathe kuchikana. Stefano pa Machitidwe 7:51 anauza akulu a Ayuda kuti amakaniza Mzimu Woyera nthawi zonse, ndipo Ambuye analirira Yerusalemu kuti anafuna kusonkhanitsa ana ake koma iwo sanafune.

Thanthwe_1563
Ndipo Yohane 6:44 akuti palibe angadze kwa Ine ngati Atate samukoka, ndipo vesi 37 ikuti onse amene Atate andipatsa adzadza.

Mlonda_wa_Usiku
Abale, mtsutso umenewo watha zaka 400 usanathe, ndipo suthera pano. Onani kuti nonse awiri mukuvomereza kuti sitepe yoyamba si ya munthu, ndipo ndi zimene a Wofunsa_Chabe anafunsa.

Kamtedza
Ndabweranso monga ndinalonjezera. Sigmund Freud, katswiri wa za maganizo a anthu wa ku Austria, analemba mu 1927 kuti chipembedzo chimachokera ku mantha a mwana amene amafuna chitetezo cha bambo ake, ndipo munthu akakula amangosamutsira mantha amenewo kumwamba. Sindikugwirizana naye, koma ndikaona mmene timadzazira mapemphero pa nthawi ya matenda ndi mayeso, kenako n'kuzilala zinthu zikayenda, ndimaona ngati tikumuchitira umboni. Kodi kudalira kwathu si dzina lina la kusowa pogwira?

Mphunzitsi_Wopuma
Zimene mwaonazo ndi zoona, a Kamtedza, koma Mose anaziona kale Freud asanabadwe, ndipo anazitanthauzira mosiyana. Pa Deuteronomo 8 chenjezo lalikulu silikunena za chipululu. Likunena za nthawi imene adzadya n'kukhuta, kumanga nyumba zabwino, ng'ombe ndi nkhosa n'kuchuluka, ndipo mtima n'kunena kuti mphamvu yanga ndi dzanja langa zandipezera chuma ichi. Mose akuwakumbutsa kuti Yehova ndiye apatsa mphamvu yopezera chumacho. Ngati chikhulupiriro chikanakhala mankhwala a mantha chabe, Malemba sakanavutika kulankhula ndi munthu wokhuta amene alibe mantha alionse. Koma amalankhula naye mobwerezabwereza, kuyambira pa mwini chuma wa pa Luka 12 amene anafuna kupasula nkhokwe zake n'kumanga zazikulu, mpaka mpingo wa ku Laodikaya pa Chivumbulutso 3:17 umene unkati ndine wolemera, sindisowa kanthu, osadziwa kuti ndi wosauka, wakhungu ndi wamaliseche.

Mavuto sapanga kudalira kumene kunalibe. Amangochotsa chimene chinali kukuphimba. Ndi chifukwa chake mana ankagwa a tsiku limodzi, ndipo amene anayesa kusunga mpaka m'mawa anapeza atagwa mphutsi ndi kununkha, kupatula tsiku lokonzekera Sabata. Kwa zaka 40 mtundu wonse unkagona ulibe chosungira cha mawa. Ine ndimaona kuti tchimo la pa Genesis 3 linali lomweli, kufuna kukhala ngati Mulungu wodziwa yekha chabwino ndi choipa osafunsa wina, ndipo linachitika m'munda mmene munalibe njala kapena matenda.

Kamtedza
Mfundo ya Deuteronomo 8 ndailandira, ndipo sindinaiganizepo motero. Koma chatsala ichi. A MayiWaAtatu anapempha mtima wokhululuka ndipo anapatsidwa. Ndikudziwa munthu amene wapempherera kwa zaka zambiri kuti amasulidwe ku mowa, amalira moona mtima, amavomereza kuti payekha sangathe, koma amagwabe. Ngati zonse zimadalira Mulungu, bwanji wina akulandira ndipo wina akudikirabe? Ndipo chonde pasapezeke wondiuza kuti chikhulupiriro chake n'chochepa.

Namwino_wa_Wodi
Sindinena zimenezo. Ndinena kuti m'baleyo afunika kuonana ndi achipatala, chifukwa munthu amene thupi lake linazolowera mowa kwambiri akasiya mwadzidzidzi angathe kunjenjemera, kukomoka ngakhale kufa kumene, ndipo pali chithandizo chake. Afunikanso anthu oyenda naye tsiku ndi tsiku. Agalatiya 6:2 akuti tinyamulirane zothodwetsa, ndipo nthawi zambiri thandizo la Mulungu limafika kudzera m'manja a munthu wina. Paulo atachititsidwa khungu pa njira ya ku Damasiko, Ambuye amene analankhula naye kuchokera kumwamba anatumizabe Hananiya kuti akamuike manja.

Mphunzitsi_Wopuma
A Namwino anena zofunika kuchita. Pa funso lakuti bwanji, Malemba satipatsa yankho lokwanira munthu aliyense. Paulo anapempha katatu kuti munga wa m'thupi mwake uchotsedwe, ndipo pa 2 Akorinto 12:9 anauzidwa kuti chisomo chikumukwanira, mungawo n'kukhalabe. Sindikufanizira munga umenewo ndi uchidakwa, chifukwa Mulungu safuna kuti munthu akhale kapolo wa tchimo. Ndikungonena kuti ngakhale mtumwi sanalandire zonse pa nthawi imene anapempha. Salmo 88 ndi pemphero la munthu amene akufuula usana ndi usiku, ndipo mosiyana ndi masalmo ambiri a madandaulo, limatha popanda chitonthozo chilichonse. Linaikidwabe m'buku la nyimbo za anthu a Mulungu kuti liziimbidwa.

Kamtedza
Salmo limenelo ndiliwerenga, ndipo uphungu wa a Namwino ndikaufikitsa kwa m'baleyo. Koma funso langa likadalipo, ndipo ndikufuna kumva a Thanthwe ndi a Mbewu_ya_Mpiru akuliyankha aliyense kuchokera ku mbali yake, chifukwa ndikuganiza kuti likuvuta onse awiri. Ngati chisomo sichilephera, bwanji m'baleyu akugwabe, ndipo ngati munthu angathe kuchikana, iyeyu akuchikana pati pamene akuchipempha ndi misozi?